Njinga ikungolira osathamanga nditayamba kuyeserera speedway

Funso lachokera kwa mnyamata wa kabaza kwa Kamwendo ku Mchinji: "Amakaniki, ndakhala ndikuonera speedway, mpikisano uja wa njinga zamoto zozungulira bwalo la dothi, pa foni ndiye madzulo ndikaweruka ndimapita pa bwalo la mpira kukayeserera kunyamuka mwaliwiro komanso kukhota tayala lakumbuyo likutsetsereka ngati Zmarzlik, katswiri wa ku Poland uja. Pano njinga yanga ya 125 ikumangolira kwambiri koma osathamanga makamaka ndikanyamula munthu pachitunda. Chavuta nchani? Nanga ndingaisinthe ikhale ya mpikisano, ndichotse mabuleki ngati iwowo?"

Ndi kilachi imeneyo aphwanga, mwaiwotcha. Kabuleta ndi pulagi zisiyeni, zilibe mlandu. Ikani giya 4 mukuyenda pang'onopang'ono kenako mupotokole moto wonse, injini ikakwera kulira koma njinga osawonjezera liwiro ndiye kuti mapuleti a kilachi akuterereka basi.

Koma musanamasule bawuti ngakhale imodzi gwirani kaye chogwirira kilachi chija. Ichi ndimauza aliyense wobwera pa galaja ndipo ambiri samva. Mukachikoka ndi chala chimodzi chimayenera kuyenda chopanda kanthu kaye, mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake, musanamve kuti kebulo yayamba kukoka. Anyamata ambiri a kabaza amakunga kebulo mpaka gwa ati kuti giya izilowa msanga, osadziwa kuti akatero kilachi imakhala yotsegula pang'ono tsiku lonse, kuchoka kwa Kamwendo mpaka pa boma mapuleti akungokhulana nkumatentha. Ndiye mapuleti akamadyeka kampata kaja kamacheperanso, vuto nkumakula lokha. Masulani kanati kapa chogwirira, ngati sikakukwana pitani kumunsi pa injini pali manati awiri, mubweze kampatako kenako muyesenso pa giya 4 paja. Muonenso ngati chogwiriracho chikubwerera chokha mukachisiya chifukwa fumbi la kwathu kuno limalowa mu kebulo nkumaigwira, ina imakhala yayamba kuduka tiwaya mkati. Njinga zambiri zimene eni ake amabwera atagula kale mapuleti zimachira ndi sipanala yokha pamenepa.

Zikapanda kusintha tsegulani pothirira oyilo mununkhize. Fungo lopserera ndiye kuti mapuleti apita. Ndipo ndikufunseni, mumathira oyilo wanji? Kilachi ya njinga yanu imakhala yomira mu oyilo yemweyo wa injini, ndiye oyilo wa galimoto wina amaterera mopitirira, uja woyezera m'mabotolo pamsika ndiye ndisanene. Gulani wosindikizidwa JASO MA pa botolo.

Mapuleti otchipa aja opanda ndi dzina lomwe pa paketi musabwere nawo kwa ine, amanyenyeka mwezi usanathe nkudetsa oyilo yense. Gulani abwino, muwaviike mu oyilo musanaike, achitsulo aja ngati asanduka a buluu kapena apindika asintheni limodzi ndi masipuling'i.

Tsopano za mabuleki. Musachotse, chonde. Njinga ya speedway si ya pamsewu yochotsedwa zinthu ayi, inapangidwa choncho kuchokera pachiyambi. Injini yake ndi 500cc ya silinda imodzi, zambiri ndi za GM ya ku Italy kapena Jawa ya ku Czech Republic, giya ndi imodzi yokha, simwa petulo koma methanol, ndipo njinga yonse ndi yopepuka, malamulo amangoti isachepere makilogalamu 77. Amathamanga anthu anayi, kuzungulira kanayi akukhotera kumanzere kokhakokha, pafupifupi mphindi imodzi zatha. Pabwalo lawo sipadutsa mwana, mbuzi kapena ngolo. Kilachi yawo ndi youma, ili panja, ndipo amakaniki awo amaimasula nkuipukuta pafupipafupi chifukwa kunyamuka kumeneko kumaidya. Inu mukufuna kilachi yonyamulira matumba a mtedza ichite ntchito yomweyo madzulo alionse. Methanol musayerekeze nkomwe, kabuleta yanu siingapereke mlingo wake, ndi poizoni komanso ikayaka masana moto wake suoneka bwino.

Chidwi chanucho sindikuchinyoza, masewerawa inenso amandikoka. Koma onani m'mene ntchitoyi imayendera. Bartosz Zmarzlik anabadwa mu 1995, anakulira mu kalabu ya Stal Gorzów ku Poland akuphunzitsidwa kuyambira ali mwana, ndipo ukatswiri wa dziko lonse lapansi anautenga koyamba mu 2019, nkubwerezanso mu 2020, 2022, 2023, 2024 ndi 2025. Kale kunali Ivan Mauger wa ku New Zealand amene anachita kusamukira ku England kuti apeze mipikisano yokwanira, anautenga ka 6 pakati pa 1968 ndi 1979. Ndalama zili m'maligi a ku Poland, Sweden ndi Britain, ambiri amakwerera makalabu a m'mayiko awiri kapena atatu nyengo imodzi, njinga zingapo ndi zawo, amakaniki amalipira okha, injini amatumiza kwa akatswiri kukakonzedwa. Ndipo ngakhale ali ndi zovala zonse zodzitetezera amavulalabe, Darcy Ward wa ku Australia anagwa ku Zielona Góra ku Poland mu 2015 mpaka pano ali pa wilitcheya. Inu pa bwalo la mpira paja mwina muli ndi chipewa chokha.

Poti mwakhala mukutsetsereketsa tayala, onaninso tcheni, sipoketi ndi masipoko akumbuyo, eya kilina muitsukenso wadya fumbi lambiri. Mukaika mapuleti atsopano thirani oyilo watsopano, muyende masiku angapo osanyamula katundu wolemera kenako mugwirenso chogwirira chija, kampata kamasintha mapuleti akakhazikika ndiye mukabwezenso pa 10 mpaka 20 paja.