Yankho kwa achimwene a ku Chitakale pa za mod ya mabatire awiri

Achimwene, mwanena kuti munasiya ndudu miyezi isanu yapitayo, kuti kachipangizo kanu ka vape (fodya wamagetsi wotulutsa nthunzi) ka batire limodzi kamatha moto dzuwa lisanafike paliwombo mukakhala ku minda ya tiyi kumene kulibe potchajira, ndipo mukufunsa ngati mod (kabokosi ka vape koikamo mabatire, kotheka kusintha mphamvu yake) ya mabatire awiri ingakuthandizeni. Ine ndakhala ndi mod yotereyi zaka zitatu kuno ku Luchenza, ndipo yankho langa ndi lakuti ingakuthandizeni ndithu, pokhapokha mutadziwa kuti ndalama zanu ndi chisamaliro chanu ziyenera kupita kwambiri ku mabatirewo kusiyana ndi kabokosi kowala kamene mwaona pa chithunzi.

Ndiyambe ndi funso la nthawi, popeza ndi limene lakubweretsani. Ma mod ambiri amtunduwu amagwiritsa ntchito mabatire otchedwa 18650, dzina limene likungonena kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Batire limodzi likadzaza limafika 4.2V, ndipo pa ntchito limawerengedwa kuti ndi la 3.6V kapena 3.7V. Mabatire awiri a 3000 mAh (muyeso wa moto umene batire limanyamula) amasunga mphamvu yokwana pafupifupi 21 Wh. Mukaika mod pa mphamvu ya mawati 60 (60W) n'kumakoka masekondi atatu ulendo uliwonse, mudzakoka maulendo oposa 300 asanafooke, ngakhale titachotsapo mphamvu imene imatayikira mkati mwa chipangizocho. Kwa ine zimenezi zimandifikitsa madzulo, ndipo nthawi zina mpaka m'mawa mwake. Mukatsitsa kufika pa 25W kapena 30W ndi koyilo (kawaya kotenthetsa madzi a vape) yoyenera, masiku awiri amatha musanaganize za chaja.

Phindu lachiwiri, limene anthu ambiri saliona, ndi lakuti mabatire awiri amagawana katundu. Pa 60W, batire limodzi lokha likayamba kutsika limakakamizika kutulutsa pafupifupi 20A (A ndi muyeso wa magetsi otuluka m'batire), pomwe akakhala awiri lililonse limatulutsa pafupifupi 10A basi. Mabatire odziwika monga Samsung 25R, amene ndi a 2500 mAh, anawapanga kuti azipirira 20A mosalekeza, ndipo Samsung 30Q ndi Sony VTC6, amene ndi a 3000 mAh, amapirira 15A. Mukuona kuti 30Q mmodzi pa 60W ndiye kuti mwamusenzetsa mtolo womuposa, koma awiri amagwira ntchito yomweyo osatentha kwambiri. Pa bokosi padzalembedwa 200W kapena 220W, koma manambala amenewo ndi okopera ogula, ndipo pa zaka zitatuzi ine sindinapitirirepo 70W.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zina zonse. M'ma mod ambiri mabatire awiriwa amalumikizidwa motsatizana, kotero kuti mphamvu yodutsa mwa lina imadutsanso mwa linzake mofanana. Lina likakhala lakale kapena lofooka limatsika msanga, mod n'kuzima linzake likadali ndi moto, ndipo lofookalo limapitirizabe kuonongeka tsiku ndi tsiku. Anthu a vape amati mabatirewa amakwatitsidwa, ndipo mawuwo ndi oyenera: muwagule tsiku limodzi, a kampani imodzi ndi mtundu umodzi, muziwatchaja limodzi, muziwagwiritsa ntchito limodzi, ndipo akakalamba muwapumitse limodzi. Ine ndimawalemba ndi cholembera chosafufutika, awiri oyamba A1 ndi A2, ena B1 ndi B2, kuti ngakhale mumdima wa m'mamawa ndisawasokoneze. Mnzanu akakupemphani kuti mumubwereke limodzi aike mu tochi, mukane mwaulemu, chifukwa likabwerera silidzafanananso ndi linzake.

Za mabatire achinyengo ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Chaka choyamba ndinagula awiri kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu ku Limbe, ofiira bwino, olembedwa 9900 mAh, pa mtengo wotsika moti ndinadziona ngati wochenjera. Nditafika kunyumba ndinawaika pa kasikelo ka kukhitchini, ndipo lililonse silinafike magalamu 30, pomwe 18650 leniweni limalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Mod inalemba kuti mabatire afooka ndisanamalize n'komwe kapu ya tiyi. Palibe batire la 18650 limene lingasunge 9900 mAh, ndipo amene amapirira ntchito ya vape amakhala pakati pa 2500 ndi 3000 mAh. Mayina odalirika ndi Samsung, Sony amene tsopano amapangidwa ndi Murata, LG ndi Molicel, ngakhale kuti nawonso achinyengo amawakopera, choncho gulani kwa munthu woti mungathe kumubwerera. Mabatire ochotsedwa m'malaputopu akufa, amene amagulitsidwa m'misika ya matochi, musawaike mu mod ngakhale akulowa bwinobwino, popeza anawapangira ntchito yokoka mphamvu pang'onopang'ono.

Chovala cha pulasitiki chimene chakuta batire si chokongoletsa. Thupi lonse la chitsulo lili mkati mwakelo ndi mbali ya negative, ndipo positive ndi kachipewa ka pamwamba kokha, kolekanitsidwa ndi kamphete kopyapyala. Chovalacho chikang'ambika pafupi ndi pamwamba, kachitsulo kalikonse kangathe kulumikiza mbali ziwirizo. Tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Thyolo, batire lapadera lili m'thumba la buluku limodzi ndi makiyi, ndinamva ntchafu ikuotcha tisanafike pa Bvumbwe. Ndinalitulutsa ndi mpango lili lotentha ngati mbatata yochoka pa phulusa, ndipo mayi amene ndinakhala nawo pafupi anandiyang'ana ngati ndanyamula zamatsenga. Ndinachita mwayi kuti silinaphulike. Kuyambira tsiku limenelo mabatire apadera amayenda m'kabokosi ka pulasitiki, ndipo lililonse limene chovala chake chakalika ndimaliika pambali mpaka nditalikuta chatsopano. Lopindika kapena lochita dzimbiri silibwereranso mu mod, ndipo musalitaye pa moto wa zinyalala.

Pa kutchaja, langizo langa ndi lakuti mugule chaja yapadera, monga za Nitecore kapena Xtar, imene imadzaza batire lililonse palokha ndi kukuonetsani pamene lafika. Kabowo ka USB ka pa mod kamathandiza pa ulendo, koma si ma mod onse amene amadzaza mabatire awiri mofanana, ndiponso kabowoko kakathyoka mod yonse yalumala. Poti magetsi kwathu kuno sapangana ndi munthu, sankhani chaja yolandira mphamvu kudzera pa USB kuti muzitha kuilumikiza ku power bank kapena ku sola. Muzitchajira pa simenti kapena pa tebulo, osati pa matiresi, ndipo musagone mabatire ali pa chaja.

Nyengo ya ku Mulanje nayo muiganizire. Mvula ya kumeneko ndi chiperoni cha mwezi wa June ndi July zimalowetsa chinyezi paliponse, ndipo munthu woyenda m'mizere ya tiyi m'mawa amanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Pa chifukwa chimenechi ndingasankhe mod yokutidwa ndi labala ngati Geekvape Aegis Legend, imene inapangidwa kuti isalowe madzi ndi fumbi, kusiyana ndi zokongola zokhala ndi chitseko cha maginito. Kutentha kwa October nakonso n'koopsa kwa mabatire, choncho musaisiye pa dashibodi ya galimoto kapena pa zenera. Mukamaiika m'thumba muziizimitsa podina batani kasanu, chifukwa ikadinika yokha imaotcha thonje la mu koyilo.

Zoipa zake ziliponso, ndipo sindikubisirani. Ndi yolemera, moti m'thumba la malaya imakoka kolala, ndipo ine ndinachita kugula kachikwama ka palamba. Choposa apo, mabatire adzakukhalitsani tsiku lonse koma madzi a vape adzatha msanga, popeza thanki (mothira madziwo) ya koyilo ya 0.2 ohm (nambala yolembedwa pa koyilo, imene ikachepa koyiloyo imafuna mphamvu zambiri) pa 60W imamwa madzi kangapo kuposa kachipangizo kamene muli nako. Madziwo ndi makoyilo sizipezeka pa Chitakale kapena pa boma monga momwe ndudu zimapezekera pa okala iliyonse, ndipo ine ndimachita kuitanitsa ku Blantyre. Musanagule mod, funsani kaye ngati makoyilo a thanki yakeyo amapezeka nthawi zonse.

Samalaninso ndi mphamvu ya nikotini. Ngati m'kachipangizo kanu mumathiramo madzi a salt (mtundu wa madzi a nikotini wambiri) a 20 mg kapena kuposa, musawathire mu thanki ya mphamvu zambiri, chifukwa nthunzi yake ndi yochuluka ndipo mudzamva chizungulire, nseru ndi mtima kuthamanga. Pa 50W kapena 60W anthu amagwiritsa ntchito 3 mg, mwina 6 mg. Ngati mumakonda kukoka mothina ngati ndudu, ikani pa mod yomweyo thanki ya koyilo ya 0.8 kapena 1.0 ohm pa 12W mpaka 18W, ndipo mudzapeza kuti mabatire akukhala masiku angapo, madzi nawonso osatha msanga. Kwa munthu amene cholinga chake n'kusabwerera ku ndudu, njira imeneyi ndi imene ndimaiona yanzeru. Nikotini ndi yomweyo imene inatimanga ku fodya, ndipo nthunziyi si mpweya wabwino wa ku Likhubula, choncho amene sanasutepo, ana ndi amayi oyembekezera asaiyandikire. Botolo la madziwo muziliika pokhoma, chifukwa limanunkhira ngati switi ndipo mwana akamwa ndi poizoni.

Ngati ndalama zili zochepa mwezi uno, pali njira yapakati: mod ya batire limodzi lochotseka pamodzi ndi lina lapadera m'kabokosi, imene ingakufikitseni madzulo pa mphamvu zosapitirira 40W popanda nkhani ya kukwatitsa mabatire. Tandiuzani nambala ya ohm yolembedwa pa koyilo yanu ndi mamiligalamu a pa botolo limene mukugwiritsa ntchito panopa, ndikuwerengereni ngati awiriwo mukuwafunadi.