ATmega328P yanu sinapse, ikungodikira crystal

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yodandaula kuti ATmega328P yake, chip yomwe imayendetsa bolodi la Arduino Uno, yasiya kuyankha. Akuti anaigula yatsopano, anailumikiza ku USBasp (kachipangizo kolembera mapulogalamu mu chip) pa breadboard (bolodi la mabowo loyeserapo), n'kusankha Arduino Uno mu pulogalamu ya Arduino IDE ndi kudina "Burn Bootloader", koma ntchitoyo inaimira panjira, ndipo kuchokera pamenepo avrdude, pulogalamu ya pakompyuta yolankhula ndi chip, imangoti "target doesn't answer". Akufunsa ngati chip yapsa.

Chonde musaitaye. Chip imeneyi imachoka kufakitale ikuyendera wotchi yake yam'kati ya 8 MHz yogawidwa ndi 8, kutanthauza kuti imathamanga pa 1 MHz, ndipo low fuse yake (ma fuse ndi manambala osungidwa mu chip oiuza mmene igwirire ntchito, ndipo low fuse ndi yomwe imasankha wotchi) imakhala 0x62. Mutadina batani lija, Arduino IDE inayamba ndi kulemba ma fuse a Uno isanafike pa bootloader yeniyeniyo (kapulogalamu kothandiza chip kulandira mapulogalamu ena), moti low fuse inasanduka 0xFF, lomwe ndi lamulo loti chip isiye wotchi yam'kati n'kumadalira crystal yakunja, kachipangizo kopatsa chip wotchi. Pa breadboard panu crystal palibe, choncho chip yangoti zii, ndipo chip yopanda wotchi singamve chilichonse chimene USBasp ikuiuza, ngakhale mawaya onse atakhala m'malo mwake. Ambiri amakodwa pamenepa chifukwa gawo loyamba limadutsa bwinobwino, n'kumaganiza kuti iwo ndi amene awotcha chinachake.

Ikani crystal ya 16 MHz pakati pa mwendo 9 ndi mwendo 10, ndipo mwendo uliwonse muupatse capacitor ya 22 pF yopita ku GND. Miyendo ya crystal ikhale m'mabowo oyandikana ndi chip, osati kumapeto kwa mawaya aataliatali. Mukatero lembani "avrdude -c usbasp -p m328p", ndipo mukaona signature (nambala yodziwikira mtundu wa chip) ya 0x1e950f dziwani kuti yadzuka. Bwerezani "Burn Bootloader".

Ikatulukira 0x000000, yang'anani kaye mawaya: RESET ndi mwendo 1, MOSI 17, MISO 18, SCK 19, ndipo AVCC pa mwendo 20 nayonso imafuna magetsi. Ine ndimayeza waya uliwonse ndi multimeter kuyambira pa USBasp mpaka pa mwendo weniweniwo, chifukwa waya wa breadboard umatha kuduka m'kati chikopa chake chili bwinobwino.

Mukadzagula chip ina yatsopano, kumbukirani kuti liwiro la SCK, wotchi imene USBasp imalankhulira ndi chip, liyenera kuchepera gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro la chip. Pa 1 MHz onjezerani "-B 32" pa lamulo la avrdude lija kapena tsekani jumper ya slow SCK, yomwe pa ma USBasp ambiri imalembedwa JP3.

Fuse imene ndikukuchenjezani nayo kwambiri ndi RSTDISBL. Mukaiyatsa, mwendo wa RESET umasanduka mwendo wamba ndipo USBasp singalowenso, kupatula mutapeza programmer yoika 12 V pa mwendowo. "Burn Bootloader" ya Uno siyatsa fuse imeneyi, n'chifukwa chake ndili ndi chikhulupiriro kuti crystal ndi ma capacitor awiri akubwezerani chip yanu.