Helemeti ya full-face pa ndalama zochepa: yankho la mayi wa geni ya ku Joni

Achimwene, mwafunsa ziwiri pakamodzi. Mukufuna helemeti yanu yoyamba yotchinga chibwano yoti muzitsika nayo pa njinga m'tinjira ta phiri la Zomba, thumba ndi lopyapyala, ndiye mukuti ndikuuzeni mmene ife timabweretsera katunduyu, mwina mupite nokha ku Johannesburg mukagule motchipa. Chachiwiricho chandiseketsa. Aliyense akamva mtengo wanga amayamba kuwerengera marandi pa foni, kenako amandiyang'ana ngati ndamubera. Pitani, msewu sunatsekedwe. Basi ikunyamuka pa Wenela, mukatsikira pa Park Station. Koma mukadzabwera mudzandiuze kuti helemetiyo yakufikirani pa zingati.

Pa katundu yense amene ndinanyamulapo, helemeti ndiye wovutitsitsa, chifukwa umalipirira mpweya. Bulangete umalipinda n'kulikhalira, nsapato umazithira m'thumba, koma bokosi la helemeti limodzi limadya malo a mathalauza a jinzi ambirimbiri, ndipo a basi akamakutchaja amayang'ana kukula kwa katoni, kulemera alibe nako ntchito. Ena amachenjera, amataya mabokosi n'kulongedza mahelemeti m'zikwama zamizeremizere zija. Ndiye anyamata opakira thirela amaponda pomwepo ndi nsapato, pamwamba n'kuikapo mabatire a galimoto a munthu wina. Kuchoka Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, katunduyo akungogunyuzika. Akafika kuno kunja kumawala bwinobwino, mkati mwatha. Thovu lolimba lija la mkati, limene amati EPS, ndi limene limapulumutsa mutu, ndipo limagwira ntchito kamodzi kokha. Likaphwanyika silibwereranso. Ine yanga imayenda m'bokosi lake, ndipo yodula kwambiri ndimakhala nayo pamiyendo ulendo wonse, anthu azindiseka.

Musanayang'ane mtundu kapena dzina, itembenuzeni muwerenge kapepala ka mkati. Kakhale ndi ASTM F1952. Umenewo ndi muyezo wa njinga zotsika mapiri, ndipo ndi umene umayesanso chotchinga chibwano. EN 1078 ndi CPSC ndi miyezo ya helemeti ya njinga wamba, imayesa pamwamba pa mutu, za chibwano sinena kanthu. Ndiye mutha kupeza helemeti yooneka yaukali, yotseka nkhope yonse, koma chakutsogolocho n'chokongoletsera chabe.

Komatu kapepalako nakonso kamasindikizidwa ndi aliyense amene ali ndi makina. Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kugulitsa nyumba.

Munali mu 2023, nyengo yotentha. Pamenepo n'kuti ndikubweretsa kale matayala, matcheni, mabuleki a disiki ndi timahelemeti tapamwamba, makasitomala anga ndi anyamata a mu Blantyre okwera ku Michiru ndi ena opita ku mpikisano wa ku Luwawa. Iwowo ndi amene ankandivutitsa kuti mayi tibweretsereni za full-face. M'misika ikuluikulu ija ya ku Joni ya katundu wa ku China munali shopu ina imene ndinkapikulamo magolovesi. Mwini wake anandikokera kuseri, anatsegula katoni. Mahelemeti owala, dzina la kampani yodziwika lili pambali, bokosi losindikizidwa bwino, kachikwama kake kansalu, timapepala tonse tili mkati. Anati ndi katundu wotsala wa chaka chatha, wa shopu ina yomwe yatsekedwa. Zimenezo zimachitikadi, ndinagulapo katundu weniweni mwanjira yomweyo. Anandilumbirira, anandilembera lisiti ya chidindo. Ndinatenga makatoni angapo ndi mpamba wanga wonse, kuphatikizapo ndalama ya banki mkhonde imene amayi anzanga anandikhulupirira nayo.

Pa boda, dzina lake ndisunga, kaya ndi njira ya Mwanza kaya ya Dedza zilibe kanthu, tinafika usiku, katundu yense pansi. Mnyamata wa msonkho, woti ndingamubereke ine, ananyamula helemeti imodzi, anaivala, anzake akuseka, n'kujambulitsa. Ndinamupatsa lisiti. Sanaiwerenge n'komwe. Anatulutsa foni, analemba dzina la helemetiyo pa intaneti, n'kundionetsa mtengo wa ku America m'madola. "Mayi, mukufuna kutipusitsa? Izi sizigulidwa pa mtengo mwalembawu." Ndinati ndapikula, mtengo wopikulira ndi wina. Anati lisiti aliyense amalemba. Anawerengera msonkho pa mtengo wa pa foniwo, VAT pamwamba pake, ndipo chiwerengero chimene anandilembera pa kapepala chinaposa ndalama imene ndinagulira katunduyo. Kenako ananyamuka kukamwa tiyi. Ndikudziwa chimene ankadikira. Ejenti wina anabwera kudzandinong'oneza kuti abwana atha kuonanso bwino ngati titalankhulana. Ine sindinalankhulane nawo. Basi inandisiya pomwepo, dalaivala sangadikire munthu mmodzi, ndipo ndinagona pa makatoni anga pakhonde, udzudzu ukundidya, mpaka mchimwene wanga anakatenga katapila ku Ndirande n'kunditumizira pa foni.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamayo ayi. Munthu uja anaigwira helemetiyo m'manja, anaivala kumutu, ntchito yake ndi yoona katundu tsiku lililonse, ndiye anandikhometsa msonkho wa katundu weniweni pa katundu wa feki. Akanakhala woidziwa ntchito akanandilanda kapena kundichenjeza. Iye amangodziwa kulemba dzina pa foni. Ndipo anthu omwewa, thiraki yodzadza ya bwana wina ikafika, amaimirira n'kupereka moni, mapepala atha mphindi zochepa. Mayi wa makatoni ndi amene amam'tsegulira mpaka chikwama cha zovala zamkati.

Kufika kuno, kasitomala woyamba anali mnyamata wina wodekha, makaniki wa njinga, amene anakhalapo ku Cape Town. Sanalankhule. Anaika helemetiyo pachifuwa, n'kukanikiza chotchinga chibwano ndi manja awiri. Chinapindika ngati chivindikiro cha ndowa ya pulasitiki, mpaka kukhudza mkati. Anachotsa masiponji a m'masaya, n'kundionetsa kuti kutsogoloko mulibe thovu lolimba lija, muli kachinkhupule kofewa komata ndi guluu. Lamba anamangiriridwa ndi kamsomali kamodzi kopyapyala. Pa kapepala ka muyezo, liwu lina linalembedwa molakwika. Anangoti, "Mayi, izi musagulitse munthu." Ndinakhala pansi pa simenti.

Sabata zochepa zitadutsa, pa 9 November, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ngongole zili pakhosi, randi yakwera, katundu wosagulitsika ali m'chipinda cha ana. Anthu ankandiuza kuti ndigulitse kwa a kabaza, iwo safunsa, bola apolisi aone kuti mutu wavala kanthu. Zikanatha tsiku limodzi pa Limbe. Ine ndili ndi dzina, achimwene. Ndinadula malamba onse ndi sizasi, zigobazo ndinaziphwanya ndi hamala kuseri kwa nyumba, mwamuna wanga akundiyang'ana ngati ndapenga. Filiji inapita, makina osokera anapita. Amayi a banki mkhonde ndinawabweza ndalama yawo yonse, pang'onopang'ono, ndikugulitsa machubu ndi zigamba. Nditabwereranso ku Joni ndinapita molunjika pa shopu ija. Ndinapeza akugulitsa makatani, munthu wina, ndipo wakaleyo palibe amene anamudziwapo.

Anzanga amene tinayamba nawo limodzi ambiri anasiya chaka chimenecho. Ine ndikadali pamsewu. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Ndiye munafunsa chiyani kodi? Zotchipa. Chabwino. Yotchipa yeniyeni ilipo, koma imapezeka m'shopu ya njinga yokhala ndi chikwangwani, imene idzakhalapobe chaka chamawa. Makampani amasintha mitundu chaka ndi chaka, helemeti ndi yomweyo, penti yokha ndi imene yasintha, ndiye za chaka chatha amazitsitsa mtengo. Ine ndimafunsa zimenezo, makamaka kumapeto kwa November nthawi ya Black Friday, pamene mashopu amatsitsa mitengo. Mutha kupeza yobiriwira monyansa. Valani, thanthwe silisankha mtundu. Kampani iliyonse yodziwika, kaya Bell, Fox, 100% kapena Leatt, ili ndi helemeti yake yapansi ya chigoba cha pulasitiki yolimba m'malo mwa carbon, chipangizo chopepuka koma chodula. Imalemererapo pang'ono, imatenthako, koma ngati ili ndi F1952 yapambana mayeso omwewo amene yodulayo inapambana. Carbon asiyireni a mipikisano. Leatt ndi kampani ya ku Cape Town komweko, ndiye katundu wake savuta kumupeza kumeneko, ngakhale masiponji osinthira. Anthu a ku South Africa masewerawa amawadziwa, Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg anakhala katswiri wa dziko lonse wa njinga zotsika mapiri kanayi, komaliza mu 2021 ali ndi zaka pafupifupi 40, ndiye m'mashopu awo simunamizidwa kawirikawiri.

Wina akuuzani kuti katundu wa ku Joni salipira msonkho chifukwa cha SADC, kapena kuti pali fomu yachidule ya COMESA ya ochita geni ang'onoang'ono. Zimenezo ndi za katundu wopangidwa m'maiko omwewo, komanso South Africa sili mu COMESA. Tembenuzani bokosi muone kumene helemetiyo inapangidwa. Mulipira basi.

Ya kaunjika ayi. Pa Facebook Marketplace zadzadza, aliyense amalemba kuti sinagwepo. Munthu wogula full-face amagula chifukwa amagwa. Mng'alu wa thovu umabisala pansi pa nsalu, ndipo ngakhale ine, ndi maso angawa, sindingakulumbirireni. M'bale wanu wa ku UK akakutumizirani yake yakale, muthokozeni, muiike pa kabati.

Ya njinga yamoto ndikudziwa mwaiganizira kale, chifukwa pa msika zili mbwee ndipo mtengo wake ndi wabwino. Zambiri za pamsikazo ndi abale ake a zimene ndinaphwanya zija. Ngakhale yeniyeni, ya ECE kapena DOT, miyezo ya njinga zamoto, inapangidwira liwiro la injini. Imalemera pafupifupi kilo ndi theka, mabowo a mpweya ndi ochepa. Kwerani nayo phiri la Zomba mu October mukupalasa, mudzaivula musanafike pa Ku Chawe, n'kuipachika pa handulo, ndiye mudzagwa ili pa handulopo. Ya njinga zotsika mapiri imakhala cha m'ma kilo imodzi, ndipo zopepuka zimene amati za enduro zimatsika mpaka cha m'ma magalamu 700 kapena 800, zili ndi mabowo akuluakulu. Kwathu kuno kulibe makina okukwezani phiri, mukwera ndi miyendo yanu, ndiye ine ndikanakhala inu ndikanaunjika ndalama miyezi ina iwiri n'kutenga ya enduro yokhala ndi F1952. Zochotsa chibwano zija, zoti pokwera muvule potsika mubwezere, anyamata amazikonda, koma zimadula, ndipo si zonse zimene zinayesedwa pa muyezo umenewu. Werengani kapepala.

MIPS, kachinthu kachikasu koterera mkati kochokera ku Sweden, kamathandiza mutu ukamenya chopendekera n'kupotokola. Ndalama ikalola tengani. Ikapanda kulola, musasiye helemeti yokukwanani bwino chifukwa cha iko.

Kukwanako ndi kumene anthu mumandikwiyitsa. Munthu amandilembera kuti "mutu wanga ndi wapakatikati". Ine ndikatani nazo pa kauntala ku Johannesburg? Pitani kwa telala, akuyezeni ndi tepi yake kuzungulira mutu, chala chimodzi pamwamba pa nsidze, kudutsa pamwamba pa makutu. Mundipatse masentimita. M ya kampani ina ndi L ya inzake. Ngati mumasunga tsitsi kapena madiredi, yezani lili momwe mudzakwerere. Ikafika, ikuthineni m'masaya mpaka mumve ngati mukufuna kuluma mkati mwa tsaya, masiponji amaphwa okha pakapita nthawi. Mukapukusa mutu isagwedezeke, mukaikankha kutsogolo isakhudze mphuno kapena milomo. Lamba wa mphete ziwiri zachitsulo amavuta kumanga mutavala magolovesi, koma sathyoka wamba. Ndipo mubwere ndi magalasi anu otchinga fumbi, ena salowa pa bowo la nkhope.

Yalakwika saizi chifukwa munayeza nokha ndi chingwe cha nsapato, imeneyo ndi yanu, ine sindibwerera nayo ku Beitbridge. Wina anandichita zimenezo, mwana wa abwana ena a ku Namiwawa, mpaka bambo ake kundiimbira foni kuti kodi ndikudziwa kuti iwo ndi ndani. Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndi bambo a mwana wa mutu waukulu.

Ndikunyamuka mwezi ukatha. Theka la ndalama patsogolo, m'makwacha a tsiku limenelo, ndipo randi ikakwera ndili m'njira mudzawonjezera. Lisiti ya shopu ndi ya msonkho ndidzakuonetsani zonse. Tumizani masentimitawo lisanafike Lachisanu.