Mnyamata watsopano m'timu asewere mphindi zingati?

FUNSO: Ndine kochi wa timu ya basiketibolo kuno ku Zomba. Chaka chino tatenga mnyamata wa zaka 17, wamtali bwino ndipo pokonzekera masewera amaponya mokoma. Koma akangolowa m'bwalo pamasewera enieni amanjenjemera, amataya mpira komanso amachita mafaulo osafunika. Osewera akuluakulu a m'timu akuti ayambe wakhala pabenchi, aphunzire ndi maso. Panopa ndimangomulowetsa mphindi ziwiri zomaliza tikakhala kuti tapambana kale. Kodi ndikulakwitsa? Nanga ku NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ya ku America, amatani ndi osewera atsopano?
Kochi, Zomba

YANKHO: Akochi, mphindi ziwiri zimenezo musaziwerengere n'komwe. Nthawi imeneyo adani aponya kale manja pansi, anzake atopa, ochemerera ayamba kutuluka. Palibe chimene mwanayo akuphunzirapo, koma akumva uthenga umodzi wokha: kuti kochi amamukhulupirira pokhapokha pamene sangawononge kanthu.

Mwafunsa za ku NBA, ndiye ndiyambe ndi nkhani imene imandiwawa mtima mpaka lero. Mu 2003 timu ya Detroit Pistons inasankha Darko Miličić wa ku Serbia pa nambala 2 pa mwambo umene matimu amasankha osewera atsopano mosinthana, kumbuyo kwa LeBron James yekha, n'kusiya Carmelo Anthony, Chris Bosh ndi Dwyane Wade. Anali ndi zaka 18. Koma Detroit inali timu yokhwima, yofuna chikho, ndipo kochi wake Larry Brown analibe nthawi yolera mwana. Pa masewera a mphindi 48, m'chaka chake choyamba Darko ankasewera mphindi zosakwana 5, kawirikawiri zakumapeto ngati zanuzo. Timuyo inatengadi chikho mu 2004, koma mnyamatayo anachoka ku Detroit mu 2006 asanaphuke. Sindikunena kuti benchi yokha ndi imene inamupha luso, ayi. Koma zaka zimene wosewera amakula msangamsanga iye anazithera atavala jekete, akuwombera anzake m'manja.

Giannis Antetokounmpo anapeza zosiyana. Milwaukee Bucks itamutenga mu 2013 inkamupatsa mphindi zoposa 24 pa masewera alionse, pamene iye ankangogoletsa mapointi osakwana 7. Chaka chimenecho timuyo inagonja masewera 67 mwa 82, choncho inalibe chotaya. Inu mwina simungakwanitse zimenezo chifukwa muli ndi ligi yoti mupambane.

Amene ndikufuna mumuganizire kwambiri ndi Kobe Bryant. M'chaka chake choyamba ku Los Angeles Lakers ankasewera mphindi pafupifupi 15 basi. Koma mu 1997, pamasewera a ndime yochotsana ndi Utah Jazz, kochi Del Harris anamusiya m'bwalo zinthu zitafika pothina. Mnyamata wa zaka 18 uja anaponya kanayi mpira osakhudza ngakhale chitsulo cha basiketi, ndipo Lakers inatuluka. Zimene anamva m'miyendo ndi pamtima usiku umenewo sakanaziphunzira pabenchi ngakhale atakhalapo zaka zitatu.

Tsono kwa inu. Masewera anu ndi a mphindi 40, zigawo zinayi za mphindi 10. Ine ndikanamupatsa mphindi 10 mpaka 12 pa masewera alionse, ndipo ndikanamuuziratu dzulo lake kuti alowa liti. Mwachitsanzo, mphindi zitatu zomaliza za chigawo choyamba, zitatu zoyambirira za chachiwiri, kenako zina m'chigawo chachitatu, kaya mukutsogola kaya mukutsalira. Mulowetseni pamodzi ndi akuluakulu awiri kapena atatu odekha, osati ndi ana anzake okhaokha. Mumupatsenso ntchito imodzi yomveka: kulanda mpira ukadunda pabasiketi ndi kutchinga munthu wake. Za kugoletsa zibwera zokha.

Chachikulu n'choti musamutulutse akangolakwitsa koyamba. Ndinaonapo mtsikana wina wamtali chonchi pabwalo la simenti la sukulu ina. Akataya mpira sankathamanga kubwerera kukatchinga, ankayamba wacheukira kubenchi kuti aone ngati kochi wadzuka. Kucheuka kumeneko kunkadyetsa timu mapointi ambiri kuposa mpira wotayikawo. Wanuyo muuzeni kuti mphindi zake ndi zake, pokhapokha akachita ulesi kapena mafaulo akafika atatu chigawo chachiwiri chisanathe, poti asanu ndiye watuluka.

Masewera ena adzakhala olimba moti simudzatha kumupatsa mphindi zonsezo. Pamenepo kumbukirani kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pascal Siakam wa ku Cameroon, m'chaka chake choyamba ku Toronto Raptors, anatsitsidwa ku timu yaing'ono ya Raptors 905 kumene ankasewera nthawi yaitali. Anatenga nayo chikho mu 2017, ndipo mu 2019 anatenganso cha NBA ndi timu yaikulu. Ngati muli ndi timu yachiwiri, kapena mungakonze masewera apaubale ndi sukulu yoyandikana nanu pakati pa sabata, mnyamatayo azikasewera kumeneko mphindi 30 mpira uli m'manja mwake.

Akuluakulu a m'timuwo khalani nawo pansi musanayambe zimenezi, chifukwa mphindizo zichoka kwa iwo. Amene akudandaula kwambiriyo mumupatse ntchito yomulankhula mwanayo m'bwalo, kumuuza poima ndi munthu woti amutchinge.