Chifukwa chake mlatho wa ku Arnhem umatchedwa John Frost

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji anthu a ku Netherlands kutcha mlatho dzina la John Frost, msilikali wa ku Britain amene anagonja pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse mpaka kugwidwa. Kugonja anagonjadi, koma taonani kaye ntchito imene anapatsidwa.

Frost anayamba usilikali mu 1932 ngati ofisala wa asilikali oyenda pansi m'gulu la Cameronians, atachokera ku sukulu ya usilikali ya Sandhurst. Mu 1941 analowa gulu latsopano la odumpha m'ndege ndi parachuti, ndipo mu February 1942 anatsogolera anyamata ake usiku ku Bruneval, m'mbali mwa nyanja ku France, kumene anamasula zida za radar (makina ounikira ndege) ya adani a ku Germany n'kuthawa nazo pamaboti. Anamenyanso nkhondo ku Tunisia ndi ku Sicily. Pofika ku Arnhem anali munthu wodziwa kale moto.

Pa 17 September 1944, malinga ndi pulani ya Montgomery, mkulu wa asilikali a Britain, asilikali a parachuti anayenera kulanda mlatho wa pamtsinje wa Rhine mumzinda wa Arnhem n'kuugwira masiku awiri okha, podikira akasinja a Britain ochokera kummwera. Koma ndege zinawatsitsa makilomita oposa 10 kuchokera pamlathopo, mawayilesi ambiri sankagwira, ndipo chapafupi panali magulu awiri a akasinja a SS, asilikali apadera a Germany, akupumula. Mwa asilikali pafupifupi 10,000 amene anatera kuderalo, amene anafika pamlatho anali 740 kapena kuyandikira apo, Frost ali patsogolo.

Iwowa anakhamukira m'nyumba za kumpoto kwa mlatho. M'mawa wa tsiku lotsatira magalimoto ankhondo a Germany anayesa kuwoloka, ambiri anathera pamlatho pomwepo akuyaka. Adani ataona choncho anabweretsa akasinja ndi mizinga n'kuyamba kugumula ndi kutentha nyumbazo imodziimodzi. Ovulala anadzaza m'zipinda zapansi, madzi anasowa, zipolopolo zikutha. Thandizo lija linali litatsekeredwa ku Nijmegen, mzinda wa kummwera kwa Arnhem. Pa 20 September Frost anavulazidwa miyendo ndi bomba, ndipo kumenyana kunazima m'mawa wa pa 21. Anauzidwa masiku awiri, iwo anapirira oposa atatu, opanda akasinja, opanda chowonjezera chilichonse.

Ine ndimaona kuti cholephera chinali pulani ya akuluakulu, osati anthu amene anali m'nyumba zoyakazo, ndipo anthu a ku Arnhem, amene mzinda wawo unaphwasuka pankhondoyi, anaona kusiyana kumeneku ndi maso awo. Mlatho wakalewo unagwetsedwa ndi mabomba mu October 1944, choncho umene uli ndi dzina lake ndi umene unamangidwa pamalo omwewo nkhondo itatha.

Frost anamasulidwa mu 1945, anapitiriza usilikali mpaka kufika pa udindo wa major-general, ndipo atapuma mu 1968 anakakhala mlimi wa ng'ombe ku Sussex, ku England. Anamwalira mu 1993.