Chifukwa chake amayenda khomo ndi khomo

Mwafunsa kuti bwanji maboma amawononga ndalama potumiza anthu khomo ndi khomo kukafunsa za umoyo, pomwe zipatala zili kale ndi mabuku olembamo odwala. Vuto ndi loti buku la kuchipatala limadziwa okhawo amene afikako. Mayi woberekera kunyumba chifukwa chipatala chili kutali, kapena mwana womwalira asanaonane ndi dokotala, mulibe m'bukumo. Ndiye zinthu zikhoza kuoneka ngati zikuyenda bwino, chonsecho ovutikitsitsa sanawerengedwe n'komwe.

N'chifukwa chake kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi umoyo wotchedwa DHS, amene adayamba mu 1984 ndi ndalama za USAID ndipo wachitika m'maiko oposa 90, amasankha mabanja mwa maere. Amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 za ana onse amene adabereka, amoyo ndi omwalira omwe. Amaona khadi la katemera, kuyeza ana msinkhu ndi kulemera, mwinanso kuwabaya pachala kuti aone ngati magazi ndi ochepa. UNICEF nayo ili ndi wake wotchedwa MICS.

Koma mabanja sangakuuzeni zomwe zili m'kabati ya mankhwala. Apa pamafunika kafukufuku wa zipatala ngati SARA wa WHO, pomwe wofufuza safuna zongouzidwa. Kodi firiji ya katemera ikugwira ntchito? Mankhwala alipo lero lomwe, ndipo sanathe mphamvu? Kwa ine uyu ndiye amanyalanyazidwa kwambiri, poti andale amakonda kuwerenga zipatala zomangidwa osasuzumira m'katimo.

Pogwiritsa ntchito manambala a DHS muziona chaka chake, chifukwa m'maiko ambiri kafukufukuyu amachitika pakadutsa zaka pafupifupi zisanu.