Mafunso ndi Mayankho: Kujambula nkhope za ziweto za mpikisano

Ndikufuna kulowa mpikisano wa zithunzi wa ongoyamba kumene, ndipo akufuna nkhope ya chiweto. Ndili ndi foni yokha. Ndikayandikira tonde wanga, mphuno imatuluka yaikulu zedi, makutu ting'onoting'ono. Kodi foniyi ndi yoperewera? — Mlimi wa ku Dedza

Foni ilibe mlandu, bambo. Vuto ndi poima panu. Lenzi yaikulu ya mafoni ambiri, ya pafupifupi 26mm, imatenga malo otakata, ndipo imakukakamizani kuyandikira kwambiri kuti nkhope idzaze chithunzi. Mphuno ikakhala masentimita 30 kuchokera pa foni, makutu ali pa masentimita 50, ndiye chapafupicho chimafufuma. Bwererani mmbuyo mita imodzi ndi theka kapena awiri, mudine 2x kapena 3x ngati foni ili ndi lenzi yachiwiri. Ngati ilibe, musakoke zoom ndi zala kupitirira 2x chifukwa ubweya umasungunuka. Jambulani muli patali, mudzadule m'mbali pambuyo pake.

Gwadani mpaka kamera ifanane msinkhu ndi maso a mbuziyo, kenako dinani pa diso limene lili pafupi ndi inu. Mukaisiya kamera isankhe yokha imagwira mphuno, maso n'kutuluka mbuu, ndipo oweruza amayamba kuyang'ana diso. Diso la mbuzi n'lokoma kulijambula chifukwa mwanadiso wake ndi wopingasa, choncho imani cham'mbali pang'ono, osati maso ndi maso. Portrait mode, njira ya pa foni yochititsa kumbuyo kuoneka mbuu, muisamale: imakonda kudya nsonga za nyanga ndi ndevu za tonde.

Ng'ombe yanga yakuda ndi nkhuku za Mikolongwe zimangotuluka bii, maso osaoneka. Nditani? — Mayi wa ku Mchinji

Mwina mukujambula masana, mayi, kapena kumbuyo kwa chiwetocho kuli thambo lowala. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye ikaona thambo imachepetsa kuwala, chakudacho n'kumira. Jambulani isanakwane 8 koloko m'mawa kapena ikapitirira 4 koloko madzulo, dzuwa likuchokera kuseri kwa phewa lanu, chapambali. Kuwala kopendekeka kumeneko ndi kumene kumaonetsa mizere ya ubweya ndi kubiriwira kwa nthenga za Mikolongwe. Kumbuyo kukhale mitengo kapena khoma la khola lili mumthunzi, mamita atatu kapena kupitirira kuchokera pa chiweto. Mukadina pankhope, kankhirani kadzuwa ka pa sikirini m'mwamba pang'ono.

Ng'ombe ya mawanga akuda ndi oyera, monga Friesian, imafuna zosiyana: tsitsani kuwala kufikira ubweya wa pamalo oyera ukuoneka. Chakuda mungathe kuchiwalitsa pokonza chithunzi, koma choyera chikapserera sichibwerera. Mbali ina ya nkhope ikada, wina agwire thumba loyera la ufa mita imodzi kuchokera pamenepo kuti libweze kuwala. Flash izimitseni. Imadzidzimutsa chiweto, komanso maso a ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa amabweza kuwala n'kutuluka ngati tochi.

Ndili ndi kamera yosintha malenzi, koma ziweto sizikhazikika. — Wophunzira wa ku Lilongwe

Shutter (nthawi imene kamera imatsekuka pojambula) ikhale 1/500 ya sekondi pa ng'ombe ndi mbuzi, 1/1000 pa nkhuku, aperture (kukula kwa bowo la lenzi lolowera kuwala) f/4 mpaka f/5.6, ndipo ISO (mphamvu ya kamera yowalitsa chithunzi) ikwere yokha ngakhale kufika 1600. Ambiri amathamangira f/1.8 kufuna kumbuyo kofewa, koma nkhope ya ng'ombe ndi yaitali: diso likaoneka bwino, mphuno yatayika. Lenzi ya pakati pa 85mm ndi 200mm ndiyo yabwino.

Tengani zithunzi zambiri motsatizana. Nkhuku imagwira mutu phee kakanthawi pakati pa mayendedwe ake, ndipo mudzapezapo chimodzi chakuthwa. Ng'ombe ikamabzikula, dikirani imeze, apo ayi kamwa lituluka lopotoka. Makutu ogwa amachititsa chiweto kuoneka chodwala, choncho mnzanu aime kuseri kwanu agwedeze chitini cha chimanga kuti makutu aimirire. Zimatheka kawiri kapena katatu basi, kenako chimazolowera, ndiye konzekani kaye asanagwedeze. Mwini chiweto apukute manthongo ndi madeya a pamphuno, inu muchotse majumbo ndi zidebe kumbuyo.

Nkhunzi, ng'ombe yoyamwitsa ndi nkhumba yokhala ndi ana muzijambule muli kunja kwa khola. Pemphani mwini wake musanalowe, ndipo musachoke khola lina kulowa lina ndi nsapato zomwezo: chigodola cha nkhumba ndi chitopa zimayenda ndi nsapato.

Potumiza ku mpikisano, werengani malamulo ake pa kukula kwa chithunzi ndi kakonzedwe kololedwa, ndipo sungani chithunzi choyambirira chosakonza. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, chitumizeni ngati document, chifukwa njira ya nthawi zonse imachifinya.